Masitepulo Kapena Ulusi: Njira Zotsekera Bala la Opaleshoni ya Pamimba

Munthu akauzidwa kuti akufunika opaleshoni ya pamimba, maganizo ake onse amakhala pa zimene adokotala akachite m'kati, kaya ndi kuchotsa apendikisi, kulumikiza matumbo, kutulutsa mwana kapena kuchotsa chotupa cha m'chiberekero. Za mmene bala likatsekedwere sizibwera msanga m'mutu, chonsecho bala ndilo limene wodwala amapita nalo kunyumba, ndiponso ndilo limene limabweza anthu ambiri kuchipatala ngakhale ntchito ya m'katiyo itayenda bwino. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2016 kuti m'mayiko osauka ndi m'mayiko a chuma chapakatikati, odwala 11 mwa 100 alionse ochitidwa opaleshoni bala lawo limalowa tizilombo, ndipo kuti mu Africa chiwerengerochi chimatha kufika pa amayi 20 mwa 100 alionse obereka kudzera pa opaleshoni ya siza. N'chifukwa chake wodwala ndi gadiyani wake ayenera kudziwa chimene chagwira balalo, chifukwa chimene chasankhidwira, ndi zimene chidzafune masiku akubwerawo.

Chimene chimagwira mimba si chimene chimaoneka

Khoma la mimba lili ndi magawo angapo. Kunja kuli khungu, pansi pake pali mafuta, kenako pali chikopa choyera cholimba chokuta minofu ya pamimba, chimene madokotala amachitcha fascia, ndipo m'kati mwenimweni muli kachikopa kopyapyala kokuta matumbo. Dokotala akamatsegula mimba amadutsa magawo onsewa, ndipo potseka amabwerera nawo kuyambira m'kati. Mphamvu yogwira matumbo kuti asatuluke munthu akamatsokomola, akamadzuka pabedi kapena akamadzithandiza ili pa fascia, moti khungu tingaliyerekeze ndi pulasitala wa pakhoma pamene fascia ndiye njerwa zake. Fascia imasokedwa ndi ulusi wolimba, kaya wa nayiloni umene susungunuka, kapena wa mtundu wa PDS umene umatenga miyezi 6 kapena kuposerapo kuti utheretu m'thupi. Ulusi umenewo wodwala sauona ndipo suchotsedwa. Choncho amene watuluka m'chipatala ali ndi tizitsulo totchedwa masitepulo tondandalika pamimba asaganize kuti mimba yake yonse yagwidwa ndi tizitsuloto, pakuti nayenso wasokedwa m'kati ngati wina aliyense.

Kasokedwe ka gawo lobisikali kamakhudza tsogolo la wodwala kuposa chilichonse choikidwa pakhungu. Kafukufuku wa ku Netherlands wotchedwa STITCH, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2015, anayerekeza kusoka fascia motalikitsa, kusiya sentimita imodzi pakati pa msoko ndi unzake, ndi kusoka mothithikana, kusiya mamilimita 5 okha. Patatha chaka, odwala 21 mwa 100 alionse osokedwa motalikitsa anali ndi hernia ya pachipsera, ndiko kuti chotupa chimene chimabwera matumbo akamakankha khungu kudzera pamene fascia yalekana, pamene mwa osokedwa mothithikana anali 13 okha. Palinso lamulo lakale la madokotala a opaleshoni lakuti ulusi wotsekera fascia utalike kanayi kuposa balalo, kuti mimba ikatupa usang'ambe minofu.

Mawu akuti masitepulo amasokonezanso chifukwa alipo a mitundu iwiri. Ena ndi a m'kati, tizitsulo tating'ono kwambiri ta titanium timene makina amagwiritsa ntchito podula ndi kulumikiza matumbo kapena chifu, ndipo timeneti timakhala m'thupi moyo wonse. Makina oyamba otere anawayambitsa ndi dokotala wa ku Hungary, Hümér Hültl, mu 1908, ndipo anali olemera makilogalamu oposa atatu. Anadzawongoleredwa ku Soviet Union m'zaka za m'ma 1950 asanafale ku America. Mtundu wachiwiri, umene tikuuyerekeza ndi ulusi pano, ndi wa pakhungu, umene umaoneka ndi maso ndipo uyenera kuchotsedwa bala likagwirana.

Masitepulo a pakhungu

Makina ake ndi ogwira ndi dzanja limodzi, amabwera atadzazidwa kale tizitsulo, kawirikawiri 35, ndipo amagwira ntchito pa wodwala mmodzi yekha kenako n'kutayidwa. Wothandizira dokotala amagwirizanitsa mbali ziwiri za khungu ndi zopanira, dokotala n'kufinya makinawo, kachitsulo n'kupindika mokumbatira mbali zonse ziwiri. Ubwino wake waukulu, umene palibe amene amautsutsa, ndi kufulumira. Bala lalitali lochokera pansi pa chifuwa mpaka pa chinena limatsekeka m'mphindi zochepa. Pamene wodwala wataya magazi ambiri, thupi lake lazizira, ndipo wogonetsa akufuna kuti opaleshoni ithe msanga, mphindi zimenezo zimakhala ndi phindu lenileni. Chimodzimodzinso usiku wa ngozi yaikulu ya pamsewu, pamene ovulala ena akudikira pakhomo la fiyeta.

Ubwino wachiwiri ndi wa ogwira ntchito. Kutseka bala ndi nthawi imene madokotala ndi anamwino amadzibaya ndi singano kawirikawiri, chifukwa amakhala atatopa ndipo zala zimakhala pafupi ndi nsonga. M'madera amene HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B ndi ofala, kuchepetsa singano pa tebulo la opaleshoni si nkhani yopeputsa. Wachitatu ndi wakuti kachitsulo kalikonse kamaima pakokha, kotero kuti mbali imodzi ya bala ikasonkhanitsa mafinya, namwino amatha kuchotsa tiwiri kapena titatu pamenepo, mafinyawo n'kutuluka, kwina konse kuli kotsekabe.

Zovuta zake zimayamba kuoneka wodwala akachoka pa tebulo. Kachitsulo kalikonse kamaboola khungu pawiri, ndipo timabowo timeneti timasiya timadontho mbali zonse za chipsera, makamaka tizitsuloto tikakhalitsa. Timakola zovala ndi bandeji, ndipo pa bala la m'munsi mwa mimba, pamene khungu limapindika munthu akakhala pansi, timatha kumalasa. Pochotsa pamafunika kachipangizo kakekake, ndipo odwala ambiri amamva kuwawa kapena kunyanyuka pa kachitsulo kalikonse. Mtengo wa makinawo ndi wokwera kangapo kuposa wa paketi ya ulusi wa nayiloni. M'mayiko olemera ndalama imeneyi imabwerera chifukwa mphindi iliyonse ya m'chipinda cha opaleshoni ndi yodula, koma pa chipatala cha boma cha m'boma lakutali, chimene chimawerengera ngakhale magolovesi, masamu ake satuluka choncho. Tizitsuloti timapangidwa ndi chitsulo chosachita dzimbiri chimene chili ndi nickel, choncho amene khungu lake limatuluka zidzolo akavala ndolo, wotchi kapena lamba wa chitsulo anene zimenezi opaleshoni isanachitike, ndipo amene akukajambulidwa ndi makina a MRI auze ojambulawo kuti ali ndi masitepulo.

Ulusi uli m'mitundu, kasokedwe nako kali m'mitundu

Kunena kuti bala lasokedwa ndi ulusi sikunena zambiri, chifukwa pansi pa mawu amenewa pali njira ziwiri zosiyana kwambiri. Yoyamba ndi imene anthu ambiri kwathu kuno amaidziwa, ya ulusi wakuda kapena wabuluu wa nayiloni umene umabayidwa kuchokera kunja, msoko uliwonse n'kumangidwa mfundo yakeyake, ndipo patapita masiku wodwala amabwerera kukachotsetsa. Njira imeneyi imafanana ndi masitepulo pa zinthu zambiri. Nayonso imaboola khungu, imasiya timizere topingasa pachipsera, imafuna ulendo wobwerera, ndipo imalola kumasula misoko ingapo pamene pali mafinya. Imasiyana nawo pakuti ndi yochedwa, ndi yotsika mtengo, imachotsedwa ndi sizasi kapena kampeni ka opaleshoni zimene zimapezeka pa chipatala chaching'ono chilichonse, komanso imapatsa dokotala ufulu wolinganiza khungu bwino pamene mbali imodzi ndi yokhuthala kuposa inzake.

Njira yachiwiri ndi yosoka pansi pa khungu. Singano imayenda m'kati mwa khungu lenilenilo, kuchoka mbali iyi kupita mbali inayo, osatulukira kunja, mpaka bala lonse litatsekeka ndi ulusi umodzi wautali. Kunja kumangooneka mzere woonda. Ulusi wake kawirikawiri umakhala wosungunuka wokha, monga wa Monocryl umene umatha pakati pa masiku 90 ndi 120, kapena wa Vicryl umene umatha pakati pa masiku 56 ndi 70. Palibe chochotsa, palibe timabowo, ndipo mayi amene wabereka sayenera kukweranso kabaza ndi khanda kuti akangodulitsa ulusi. Kuipa kwake n'kwakuti imafuna nthawi ndi dzanja lozolowera, ndiponso kuti bala likachita mafinya, kutsegula mbali imodzi kumadula ulusi umodzi womwewo umene wagwira bala lonse, ndiye kotsalako kumatha kumasuka nako. Nthawi zina mfundo ya kumapeto imatulukira pakhungu patapita milungu ngati kachiphuphu, chinthu chimene chimaopsa odwala koma chimatha namwino akangodula kansongako.

Pa ulusi womwewo pali kusiyana kwina. Wina ndi wa chingwe chimodzi chosalala, monga nayiloni, PDS ndi Monocryl, pamene wina ndi wolukidwa ndi tizingwe tambiri, monga Vicryl ndi silika. Wolukidwa umamangika bwino ndipo ndi wofewa m'manja, koma m'mipata ya tizingwe take tizilombo timapeza pobisala, n'chifukwa chake pa bala lokayikitsa madokotala amakonda wosalala. Ulusi wakale wa catgut, wopangidwa kuchokera ku matumbo a nkhosa kapena ng'ombe, ukupezekabe m'zipatala zambiri chifukwa ndi wotsika mtengo, koma umatupitsa minofu kwambiri ndipo umafooka msanga, moti si woyenera kugwira fascia.

Zimene kafukufuku wapeza

Umboni womveka bwino kwambiri uli pa opaleshoni ya siza, imenenso ndi opaleshoni ya pamimba yochitika kawirikawiri koposa m'zipatala za m'maboma a ku Malawi, kumene ambiri oichita ndi makiliniko ofesala. Pa kafukufuku wa ku America amene anasindikizidwa mu 2014, amayi 746 anagawidwa mwamaere, ena n'kutsekedwa ndi masitepulo, ena ndi ulusi wosungunuka wa pansi pa khungu. Mavuto a bala anapezeka pa 10.6 peresenti ya a masitepulo ndi 4.9 peresenti ya a ulusi. Kusiyanaku kunachokera makamaka pa kutseguka kwa khungu, kumene kunachitika pa 7.4 peresenti ya a masitepulo ndi 1.6 peresenti yokha ya a ulusi. Akatswiri ataphatikiza zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana wa mtundu womwewu anapeza kuti ulusi umatalikitsa opaleshoni ndi mphindi pafupifupi 7. Bungwe la NICE, limene limapereka malangizo a zachipatala ku England, linalangiza mu 2019 kuti pa siza madokotala aziganizira ulusi m'malo mwa masitepulo pofuna kuchepetsa kutseguka kwa khungu.

Kwa ine nkhani ya siza ndi yothetsedwa. Mphindi 7 za dokotala sizingafanane ndi milungu imene mayi woyamwitsa amatha akutsukitsa bala lotseguka tsiku ndi tsiku, akulephera kunyamula mwana wake momasuka, mwinanso akulipira ulendo wa kuchipatala ndi ndalama zimene zikanagula chakudya. Pokhapokha ngati pali chifukwa chapadera, monga mayi amene wafooka kwambiri pa tebulo kapena chiberekero chimene chinalowa kale tizilombo chifukwa cha kuchedwa pobereka, bala lopingasa la m'munsi mwa mimba liyenera kusokedwa pansi pa khungu.

Pa opaleshoni ya chifu ndi matumbo chithunzi sichili chomveka chotero. Ku Japan, kafukufuku wa odwala 1,080 amene zotsatira zake zinatuluka mu 2013 anapeza mavuto a bala pa 8.4 peresenti ya osokedwa pansi pa khungu ndi 11.5 peresenti ya a masitepulo, koma ofufuzawo anati kusiyana kumeneku n'kochepa moti kukanatha kungochitika mwamwayi. Kafukufuku wina wa m'dziko lomwelo, pa odwala khansa ya m'matumbo aakulu oposa 1,200, sanapeze kusiyana pa kulowa kwa tizilombo m'bala, ngakhale kuti odwala osokedwa ndi ulusi anali okhutira kwambiri ndi mmene bala lawo linathera. Apa tinganene kuti njira zonse ziwiri ndi zovomerezeka, ulusi uli patsogolo pang'ono pa maonekedwe ndi pa kusafuna kuchotsedwa, masitepulo ali patsogolo pa nthawi. Tizikumbukiranso kuti odwala a ku Japan amenewa anachitidwa opaleshoni yokonzekera, atapimidwa bwino, matumbo awo asanabooke.

Bala lodetsedwa

Odwala ambiri amene amatsegulidwa mimba mwadzidzidzi pa zipatala zazikulu monga Kamuzu Central ku Lilongwe kapena Queen Elizabeth ku Blantyre safanana ndi a ku Japan aja. Amafika matumbo atabooka ndi taifodi, atapotana mpaka mbali ina kufa, apendikisi itaphulika, kapena chilonda cha m'chifu chitabooka, ndipo kawirikawiri amakhala atatha masiku panyumba ndi pa chipatala chaching'ono asanatumizidwe. Dokotala akatsegula amapeza mafinya kapena zonyansa za m'matumbo zitadzaza mimba, ndipo ngakhale atatsuka chotani, m'mphepete mwa bala mumakhala mutakhudzidwa kale. Mafuta a pansi pa khungu alibe magazi ambiri oyenda, choncho ndi pamene tizilombo timaswana mosavuta.

Pa bala lotere msoko wokongola wa pansi pa khungu umasanduka msampha, chifukwa umatseka khungu mothina n'kutsekera mafinya m'kati, kumene amatha kufooketsa fascia yomwe. Chofunika apa ndi njira yosiya mipata ndiponso yolola kutsegula pang'ono, ndipo njira zotero ndi ziwiri zija, nayiloni wa mfundo imodziimodzi womangidwa motalikirana, kapena masitepulo oikidwa motalikirana. Pakati pa ziwirizi, m'malo amene zipangizo ndi zoperewera, ine ndingasankhe nayiloni, pa chifukwa chakuti namwino wa mu wodi iliyonse angaumasule nthawi iliyonse, ngakhale pakati pa usiku, popanda kufunafuna kachipangizo kochotsera.

Pali njira yachitatu imene imadabwitsa achibale, yosatseka khungu n'komwe. Dokotala amasoka fascia molimba, n'kusiya khungu ndi mafuta zili zotsegula, ataikamo nsalu za gozi zonyowa zimene zimasinthidwa tsiku lililonse. Pakapita masiku atatu kapena asanu, ngati bala lili lofiira bwino lopanda mafinya, amalisoka, ndipo ngati silinayere amalisiya kuti lidzaze lokha kuchokera pansi. Madokotala amasiyana maganizo pa kuchuluka kwa phindu la njira imeneyi, koma ndi njira yodziwika ndiponso yochitidwa mwadala. Gadiyani amene waona m'bale wake atabwera ku wodi ndi bala losatseka asafulumire kuganiza kuti adokotala anaiwala kapena ulusi unawathera. Afunse, ndipo ogwira ntchito nawonso ali ndi udindo wofotokoza asanafunsidwe, chifukwa mantha a achibale ndi amene amachititsa ena kuthawitsa wodwala kapena kuthira mankhwala a zitsamba pabala.

Guluu wa pakhungu, monga wa Dermabond, ndi timapepala tomata ta Steri-Strips ndi zoyenera timabala tating'ono, monga ta opaleshoni yodzera pa timabowo ndi kamera, kapena kuwonjezera pamwamba pa msoko wa pansi pa khungu. Guluuyo amakanganuka yekha pakati pa masiku 5 ndi 10. Pa bala lalitali la pamimba, limene limakokeka munthu akamapuma ndi kutsokomola, sizingagwire pazokha.

Chipsera pa khungu lakuda

Nkhani ya chipsera ena amaiona ngati ya kudzikongoletsa chabe, koma kwa anthu a khungu lakuda ili ndi kulemera kwake. Zipsera zotupa zimene zimakula kupitirira malire a bala, zotchedwa keloid, zimachitika kawirikawiri pa khungu lakuda kuposa loyera, zimayenda m'mabanja, ndipo zimayabwa, kuwawa ndi kukhuzika ndi zovala kwa zaka zambiri. Pa munthu wa khungu lotere bowo lililonse ndi bala palokha, kotero kuti tizitsulo 20 timawonjezera timabala 40 m'mbali mwa bala lenilenilo. Kusoka pansi pa khungu sikuletsa keloid, pakuti ikhoza kumera pa mzere wa balalo, koma kumachepetsa malo amene ingamerepo. Amene anatupapo chipsera ataboola khutu, atatemera mphini kapena atapsa ndi moto aonetse dokotala chipseracho asanalowe ku fiyeta. Ngati bala ndi loyera, chimenecho ndi chifukwa chokwanira chopemphera ulusi wa pansi pa khungu, ndipo ngati sizitheka, n'chifukwa choti masitepulo kapena nayiloni zisakhalitse kupitirira tsiku loyenera kuchotsa.

Zimene zimaposa kusankhaku

Si bwino kuika chikhulupiriro chonse pa chotsekera khungu, chifukwa kafukufuku wochitika m'mayiko ofanana ndi athu waonetsa kuti zinthu zooneka wamba ndizo zimasintha zotsatira. Kafukufuku wotchedwa FALCON, wa odwala 5,788 m'mayiko a Benin, Ghana, India, Mexico, Nigeria, Rwanda ndi South Africa, anapeza mu 2021 kuti odwala 22 mwa 100 alionse a opaleshoni ya pamimba bala lawo linalowa tizilombo, ndipo ulusi wokwera mtengo wopakidwa mankhwala opha tizilombo a triclosan sunachepetse vutoli. Chaka chotsatira, kafukufuku wa ChEETAh, wa odwala 13,301 m'mayiko omwewo, anapeza kuti kungosintha magolovesi ndi zipangizo asanayambe kutseka mimba kunatsitsa chiwerengerocho kuchoka pa 18.9 peresenti kufika pa 16.0 peresenti. Kupereka mankhwala opha tizilombo mpeni usanadule khungu, osati opaleshoni itatha, ndi kupewa kumeta malo odulapo ndi lezala zilinso m'malangizo a WHO.

Mbali ya wodwala nayo ndi yaikulu. Shuga wokwera, kusuta fodya, kunenepa kwambiri, kuperewera kwa magazi kapena kwa chakudya m'thupi, mankhwala a mtundu wa prednisolone omwedwa kwa nthawi yaitali, HIV imene sinagonjetsedwe ndi mankhwala, chifuwa chosatha ndi kudzimbidwa, zonsezi zimachedwetsa bala kapena kulikoka, kaya latsekedwa ndi chiyani. Bala likatha milungu itatu limakhala lisanafike ngakhale pa gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya khungu labwino, ndipo likapola kwathunthu limafika pafupifupi pa 80 peresenti basi. Khungu limatha kuoneka logwirana bwino pamene fascia ikadali yanthete, choncho kusenza ndowa ya madzi, kusinja, kulima ndi kuwaza nkhuni ziyenera kudikira milungu yosachepera 6, kapena monga dokotala wanenera, ndipo ntchito imeneyi ndi ya banja lonse kuigawana opaleshoni isanachitike.

Zizindikiro zofuna kubwerera kuchipatala msanga ndi zofanana pa njira zonse: bala kufiira ndi kutentha mowonjezereka, ululu umene ukukula m'malo mochepa, mafinya kapena fungo, kutentha thupi, ndi khungu kulekana. Choopsa koposa ndi madzi ambiri ofiirira otumbululuka amene amatuluka mwadzidzidzi pabala, kawirikawiri kumapeto kwa mlungu woyamba kapena mu mlungu wachiwiri, nthawi zina munthu atamva ngati china chaduka m'kati potsokomola. Chimenecho chimasonyeza kuti fascia yalekana. Wodwala agone chagada, pabala paphimbidwe ndi nsalu yoyera yonyowetsedwa ndi madzi owiritsa ozizira, asadye kapena kumwa kanthu, ndipo apite naye kuchipatala nthawi yomweyo popanda kuyesa kubwezera chilichonse m'kati.

Tsiku lochotsa ndi malo ochotsera

Masitepulo ndi nayiloni za pamimba zimachotsedwa kawirikawiri pakati pa tsiku la 7 ndi la 10, ndipo kwa odwala shuga, onenepa kwambiri kapena ofooka amatha kudikira mpaka masiku 14. Anamwino ambiri amayamba ndi kuchotsa modumphitsa, kamodzi kuchotsa kamodzi kusiya, kuti aone ngati khungu lagwirana, n'kudzamaliza zotsalazo tsiku lina. Kuchotsa msanga kumatsegula bala, pamene kuchedwa kumachititsa kuti khungu limere mozungulira kachitsulo kapena ulusi, kuchotsa n'kukhala kowawa ndipo zipsera za timabowo n'kukhala zosatha. Kachipangizo kochotsera masitepulo kamafinya kachitsulo pakati, miyendo yake n'kutambasuka n'kutuluka mowongoka mosang'amba khungu. Popanda kachipangizoka namwino waluso amatha kutambasula kachitsuloko ndi chopanira mitsempha, koma zimatenga nthawi ndipo zimawawa kwambiri. Kuyesa kuchotsa kunyumba ndi pulayazi, singano kapena lezala n'kuika moyo pachiswe.

Pamenepa ndi pamene funso la komwe wodwala adzakhale pa mlungu wachiwiri limalowera m'kusankha. Amene akukhala m'tauni pafupi ndi chipatala chimene chinamuchita opaleshoni savutika ndi njira iliyonse. Amene kwawo ndi kutali, kumene chipatala chapafupi ndi chaching'ono ndipo nyengo ya mvula mitsinje imadzaza, ulusi wosungunuka umamuchotsera ulendo wonse ngati bala lake ndi loyera, ndipo nayiloni ndi wosavuta kuposa masitepulo ngati bala likufuna misoko yomasula. Vuto lomweli limagwera amene amakachitidwa opaleshoni ku India kapena ku South Africa n'kukwera ndege yobwerera masiku ochotsera asanakwane, komanso amene amatuluka m'chipatala cholipira cha mumzinda n'kupita kukachirira kumudzi. Otere auze dokotala za ulendowo opaleshoni isanachitike, chifukwa akadziwa amatha kusintha njira. Ngati masitepulo aikidwabe, apemphe kachipangizo kochotsera kosatsegula m'paketi yake kuti apite nako, ndipo aonetsetse kuti m'buku lawo la kuchipatala kapena m'kalata yotulukira mwalembedwa chimene chatseka khungu, ngati ulusiwo ndi wosungunuka kapena wochotsa, chiwerengero cha tizitsulo kapena misoko, ndi tsiku lenileni loyenera kuchotsa, kuti namwino amene adzalandire wodwalayo kwina athe kuwerenga zimene wachotsa n'kutsimikiza kuti palibe chotsalira.